Anankafumbwe a pa dooko la a Zuze

Ndinabadwira m'tauni, kuseri kwa depoti ya mabasi. Tulo tanga toyamba ndinagona injini zikulira. Mwina n'chifukwa chake miyendo yanga sinaphunzire kukhala pansi.

Zaka sindizikumbuka. Ndimakumbuka ntchito. M'tauni ina ndinkaitanira minibasi mpaka mawu anasasa. M'tauni ina ndinkasoka maambulera pakhonde la sitolo. Mvula italeka, ntchito inalekera pomwepo. Kwina ndinaumba njerwa, koma ndinachoka uvuni usanapse. Paliponse zinali choncho. Ndinkachoka chinthu chisanapse.

Pa depoti iliyonse ndinkapeza mayi wogulitsa nthochi. Tauni ina, koma ngodya yomweyo, chitenje chomwecho. Ankandiyang'ana kumapazi.

"Ulendo uno ngwakuti, achimwene?"

"Kutsogoloku."

"Kudakalipo kutsogoloko?"

Ndinkagula nthochi ziwiri n'kukwera.

Chaka china basi inafera pamlatho. Tinatsika kuti tiwongole miyendo. Ndinasuzumira pansi. Madzi panalibe. Panali dimba lobiriwira, losalala, lodzaza maluwa apepo, kuchokera gombe lino kukafika gombe linalo. Ndinati mwini dimbali ndi wakhama.

"Si dimba ilo," anatero mkulu amene anaima pambali panga. "Ndi mtsinje. Namasupuni waumeza."

Basi sinadzuke. Ndinanyamula chikwama n'kulowa m'katauni kamene kanali pafupi, kukafuna ganyu.

*

Kumapeto kwa katauniko kunali mpanda wa waya. M'katimo munali migolo yodula pakati, khumi ndi iwiri, itandandalikidwa padzuwa. Mgolo uliwonse unali ndi madzi, ndipo pamadzipo pankayandama namasupuni. Mayi wina wamfupi, wovala majombo, ankathiramo ndowe za ng'ombe zosungunula. Amenewo anali mayi Mpinganjira.

"Mukulima namasupuni, mayi? Kumtsinjeku wachepa?"

"Sindikulima. Ndikuweta. Lowani muone ziweto zanga."

Anazula tsinde limodzi n'kukanula pamene masamba amakumana. Panali kachirombo kotuwa, kochepa ngati njere ya mapira, ka mlomo wautali wokhota. Nditakakhudza kanapinda miyendo n'kudzifetsa.

"Nankafumbwetu uyu!"

"Msuweni wake. Uyu chimanga sachidziwa. Kwawo, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu kumene namasupuni anachokera, amadya namasupuni basi. Udzuwu unabwera kuno wokha, mdani wake n'kutsala. Ife tangowakumanitsa."

Anandilemba ntchito yotunga madzi ndi kusesa. Tsiku lomwelo anandifotokozera moyo wa ziweto zawo. Wamkulu amapala tsamba, n'kusiya tizipsera ting'onoting'ono. Amaikira mazira m'phesi. Mphutsi imaboola phesilo kutsikira kutsinde, madzi n'kulowa, tsinde n'kuwola. Kenako imakagona m'kachikwa kumizu, pansi pa madzi. Ndinamva theka. Theka linalo ndinkamvetsera basi imene inkadutsa kumsewu.

Patapita masabata angapo mayiwo anapita kumaliro kwawo.

"Musamale migoloyi," anatero.

Ndinaisamaladi. Ndine mwana wa m'tauni. Kwa ife kusamala n'kuyeretsa. Ndinaona kuti m'migolomo munali mapesi achikasu, ogwa, ena onunkha. Ndinachita manyazi m'malo mwa mayiwo. Ndinazula owola onse, mgolo ndi mgolo. Ndinawayanika padzuwa. Atauma ndinawotcha. Kenako ndinapita kumtsinje kukatenga namasupuni watsopano, wonenepa, wamaluwa. Migolo inakongola ngati ya pakhomo pa hotela.

Mayi Mpinganjira atabwera anaima pachipata. Anapita paphulusa, natola phesi limodzi limene moto unalisiya. Analing'amba ndi chikhadabo. M'katimo munali kamphutsi koyera, kouma.

"Mwawotcha khola ng'ombe zili momwemo," anatero motsitsa mawu.

"Ndimayesa zowolazo..."

"Zowolazo ndiye ntchito. Zokongolazi ndi udzu chabe." Anayenda pakati pa migolo. "Iwiri yakumapetoyi bwanji simunaikhudze?"

"Ndinatopa."

"Ulesi wanu wapulumutsa fuko."

Sanandichotse ntchito. Ndikanakonda akanandichotsa. Ndinakhala mpaka migolo khumi ija inayambanso kuwola. Kunali kukhalitsa kwanga koyamba. Kenako m'mawa wina anandipatsa ndowa yachitsulo, yovundikira ndi chiguduli chonyowa. M'katimo munali matsinde odwala, othinana.

"Inu simukhala pansi, ndakuonani. Ndiye miyendoyo itithandize. Pitani m'madambo. Pezani pakona pamene mphepo sifika. Tulani pamenepo, mutchingire ndi nsungwi. Akatha, bwerani mudzatenge ena. Koma musaiwale: anthu muziwauza zimene munachita kuno."

"Zonse?"

"Makamaka za phulusa."

Ndinavomera ndi mutu. Mtima sunavomere.

*

Ndowa si katundu wamba. Imafuna mthunzi. Chiguduli chikauma, umatsika basi n'kukafuna chitsime. Makondakitala ankafuna kuiponya pamwamba. Ine ndinkaikumbatira pamiyendo ngati wodwala. Anthu ankanunkhiza n'kusendera kutali. Sindinasowepo malo okhala.

Midzi ya m'madambo imafanana. Kanjira, nthochi, dooko. Padooko mabwato otembenuza, ataphuka bowa. Maukonde opachika m'mitengo ngati zovala za anthu amene anapita kale. Udzudzu masanasana. Ndipo kutsogolo, kubiriwira kopanda malire.

M'mudzi woyamba anandithamangitsa ndisanavundukule ndowa. Dzina loti nankafumbwe linakwanira. Mayi wina ananditsata ndi musi mpaka pamsewu, akufuula za nkhokwe yake.

M'mudzi wachiwiri ndinachenjera. Ndinapempha zitini zinayi. M'china ndinaika chimanga, m'china tsamba la mpunga, m'china la nthochi, m'chomaliza la namasupuni. Chitini chilichonse tizirombo tisanu. Zitinizo anasunga eni mudzi, osati ine. Patapita masiku tinatsegula. Chimanga chinali chosakhudzidwa. Mpunga ndi nthochi chimodzimodzi. Tizirombo tinali titadzipanikiza pakona, tikusala kudya. Tsamba la namasupuni linali lodzaza zipsera. Atatero anandilola kutula matsinde.

M'mudzi wachitatu ndinafulumira. Ndinatula poyera, pamene mphepo imadutsa. M'mawa mwake ndinapeza madzi pamene ndinakhoma nsungwi. Udzu wonse wa pamenepo unali utaduka ngati chilumba, ukuyenda pang'onopang'ono kutsikira kumunsi. Nsungwi zanga zinali pachilumbapo, chiimire. Kakowa anatera pa imodzi. Ndinaziperekeza ndi maso mpaka zinakhota. Mpaka lero sindidziwa mudzi umene unalandira mphatsoyo.

Kuyambira pamenepo, mudzi uliwonse zitini zinayi ndi pakona. Mafunso ankakhala omwewo, kungosintha pakamwa.

"Akamaliza namasupuni adzadya chiyani?"

"Sadzamumaliza. Iye akachepa, iwonso adzachepa. Adzatsala m'mbali, akusungana."

"Ndiye madzi tiwaona liti? Sabata yamawa?"

"Mvula zitatu. Kaya zinayi."

Apa ankaseka. Wina ankati, "Aganyu anuwa ndi aulesi bwanji!" Ine ndinkakhoma nsungwi, kumanga chingwe, kutula matsinde odwala, n'kutsazika. Nthawi yonseyo zotsatira zake sindinazionepo ndi kamodzi komwe. Za phulusa sindinauze munthu.

*

Pa dooko la a Zuze ndinafika m'nyengo yozizira. Linali ngati ena onse, kupatula chimodzi. Bwato la pamenepo silinali lotembenuza. Linali pamtunda, lokhazikika bwinobwino, lopaka phula, nkhafi ili m'kati. M'bwatomo munakhala nkhalamba yaitali, yowonda, itayang'ana kudambo.

"Wawa, agogo. Mukudikira ndani?"

"Madzi. Inu ndi aja a ndowa?"

"Ndine."

"Khalani. Kumbuyoko, bwato lingapendeke."

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Ndinakhala kumbuyo.

Analoza ndi chibwano. Kutali, pakati pa kubiriwirako, panali chitunda cha mitengo ikuluikulu. Kumeneko ndiko kunali manda a mudziwo kuyambira makolo, chifukwa tsidya lino limasefukira dzinja lililonse. A Zuze anawolotsa anthu moyo wawo wonse: opita kumadimba, okaonjola mono, ndi opita osabwerera. Womaliza kumuwolotsa anali mkazi wawo.

"Chaka chotsatira udzu unatseka. Kuti uyendepo, umabooka. Kuti upalase, bwato silisuntha."

"Simunayese kutema njira?"

"Tinayesa, pa maliro a aphunzitsi. Tinatema m'mawa. Masana mphepo inatembenuka, njira inatseka kutsogolo ndi kumbuyo. Adzukulu anakhala masiku awiri pakati pa dambo ndi bokosi. Chichokereni apo timaika tsidya lino, kuseri kwa tchalitchi, m'matope." Anasisita nkhafi. "Mkazi wanga, amayi ake a Dorika, ndinawauza kuti andisungire malo. Kumanzere kwawo. Ine m'matope muja sindigonamo. Tizirombo tanuto timafuna mvula zingati?"

"Zitatu. Kaya zinayi."

Anayang'ana manja awo, ngati munthu woyeza ufa wotsala m'thumba.

"Zitatu ndiyesetsa. Koma inu mukhale. Ine maso anafooka, sindingalondere nsungwi."

Palibe amene anandipemphapo kukhala. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ndikhala."

Dorika, mwana wawo, mayi wamasiye wa nkhope yosaseka msanga, anandipatsa kachipinda kosungiramo maukonde. Ndinakhoma nsungwi pakona, kumanja kwa dooko. Ndinatula matsinde onse a m'ndowa.

M'mudzimo munali a Fombe, wapampando wa komiti ya dooko. Munthu wansangala, mikono ngati mipini. Lachiwiri lililonse ankamenya chitsulo chopachika pamtengo, anthu n'kutsikira kudooko ndi makasu ndi zikwakwa. Ankakoka namasupuni, kumuunjika pamtunda, akauma n'kuwotcha. Pofika Lachisanu, pamene anakokapo pankakhala patatsekanso. Lachiwiri ankayambiranso, akuimba.

"A Ndowa!" Ankanditchula choncho. "Antchito anuwo adzuka, kapena tiwaphikire tiyi?"

"Akugwira, a Fombe. Chachikulu musalowe m'kati mwa nsungwimo."

"Mpaka liti?"

Pamenepo ndi pamene ndikananena za phulusa. Koma Dorika anali chapafupi akutsuka mbale, ndipo anthu a m'mudzimo ankandiyesa katswiri. Kanali koyamba anthu kundiyesa kanthu.

"Mpaka tizirombo titamaliza," ndinatero.

"Zamveka, bwana."

Mvula yoyamba inagwa, inapita. A Zuze anandiphunzitsa kupalasa, bwato lili pamtunda. Nkhafi inkakumba mchenga.

"Osamenya madzi, mwanawe. Kuwapempha."

"Madzi ake ati, agogo?"

"Akubwerawo. Mukufuna adzakupezeni mbuli?"

Ankandionetsa njira yonse ndi chala, ngakhale maso anga ankangoona udzu. Apa pali chitsa. Apo mvuu zinkasamba. Ukafika pa gumbwa, khotera kumanzere. Anandiuza kuti chimene ankachisowa kwambiri sichinali nsomba ayi, koma mfuu wa munthu woitana bwato. Anayesa kuufuula okha, "Bwatooo!" Chifuwa chinawatsamwitsa.

M'kati mwa nsungwi masamba anayamba zipsera. Ndinkathyola limodzi n'kuwapatsa. Ankalipapasa ndi chala, ngati wowerenga kalata.

"Akulemba," ankatero. "Akuchedwa, koma akulemba."

Kenako kunatentha. Masiku anafanana. Kubiriwira komweko, chitunda kutali komweko. Miyendo inayamba kuyabwa. Tsiku lina lole ya mpunga inaliza hutala kumsewu. Ndinapezeka ndavala nsapato.

"Ndikukatenga tizirombo tina, agogo. Tichuluke."

A Zuze anayang'ana pakhonde. Ndowa inali pomwepo, yovundikira. M'manja mwanga munali chikwama chokha.

"Mukatengera m'thumba la malaya?"

Lole inalizanso. Ndinathamanga.

*

Za zaka zotsatira ndilibe zambiri. Ndinameta anthu pansi pa mtengo. Ndinapenta zikwangwani za magolosale. Ndinaphika mchere kwinakwake, m'dziko loyera ngati ufa. Paliponse ndinkaona zipsera: pa tsamba la kabichi pamsika, pa dzimbiri la malata, pa chikhatho cha kondakitala. Mayi wa nthochi anali pangodya pake.

"Kutsogolo kuja munakupeza?"

"Ndatsala pang'ono."

Tsiku lina basi inaima pafupi ndi dooko kuti athire madzi m'injini. Ndinazindikira malowo. Unali mudzi wa zitini zoyamba uja. Ndinatsika. Kutsogolo kwanga kunali madzi. Madzi enieni, akuda, mitambo ikuyenda m'katimo. Namasupuni anatsala m'mbali, wamfupi, wofiirira, wopanda duwa. Mabwato anali pamadzi. Mayi wina ankachapa.

"Udzu uja unapita kuti, mayi?"

"Unangodwala. Amati kunabwera bambo wina ndi ndowa. Wozungulira mutu pang'ono."

Basi yanga ndinaisiya ipite. Ndinakwera yobwerera. Njira yonse ndinkawerenga mvula. Zinali zitakwana. Ndinkawaona kale a Zuze ali pakati pa dambo, akupempha madzi ndi nkhafi.

Kanjira kaja ndinatsika chothamanga. Nthochi. Dooko. Kubiriwira kopanda malire, maluwa apepo. Nsungwi zanga panalibe. Bwato linali lotembenuza.

Dorika anali pakhonde, akusoka ukonde. Sanadzuke.

"Mwabwera nato tizirombo?"

"Agogo ali kuti?"

"Kuseri kwa tchalitchi."

Ananditengera kumeneko. Linali dzinja. Mtumbira unali utazingidwa ndi madzi, achule akulira m'mbali. Mtanda unali utapendekeka.

"Anapirira mvula zitatu, monga ananenera," anatero Dorika. "Tsiku lililonse m'bwato. Kungoti chakumapeto anatembenuka, ankayang'ana kumsewu. Yachinayi inawapeza muno."

A Fombe anatipeza pomwepo. Anavula chipewa. Nsangala ija inali itachepa.

"A Ndowa, ife tinatsata mawu anu. Miyezi ingapo mutachoka, m'kati mwa nsungwi monse munafiirira. Mapesi kugwa, kununkha. Tinati basi, antchito amaliza, asamukira kutsogolo, tiwathandize kuchotsa zinyalala. Tinakoka zonse tsiku limodzi. Tinawotcha bwinobwino. Malemuwa anali chigonere ndi malungo, sanaone. Atadzuka anafunsa nsungwi. Titawauza anangoti musadandaule, a Ndowa akubwera ndi ena." Anapotokola chipewa. "Tinalakwa pati? Udzu wakufa ndi wakufa."

Ndinayang'ana mtanda. Kenako ndinawauza. Migolo khumi, dzuwa, moto, kamphutsi kouma m'phesi. Ndinawauza kuti mazira, mphutsi ndi zikwa zonse zimakhala m'chowolacho. Kuti ndinkadziwa tsiku limene anandifunsa lija. Kuti ndinachita manyazi.

A Fombe anayang'ana mtumbira.

"Mawu ochepa chonchi," anatero. "Mukanatiuza Lachiwiri limodzi, tikupuma."

Titafika kunyumba Dorika analowa m'kachipinda ka maukonde. Anatuluka ndi ndowa. Anaiika pamapazi panga.

"Bambo anati mudzaifuna."

*

Mayi Mpinganjira ndinawapeza ali ndi imvi. Migolo inali yomweyo. Sanandifunse kumene ndinali. Anadzaza ndowa, navundikira chiguduli.

"Za phulusa mumawauza?"

"Ndayamba."

"Mochedwa?"

"Mochedwa."

Ulendo uno nsungwi anakhoma a Fombe okha. Lachiwiri loyamba anamenya chitsulo. Anthu atasonkhana, anandiimika pa bwato lotembenuza lija kuti ndinene nkhani yanga. Ndinainena. Ena anaseka. Mayi wina anati, "Ndiye ukatswiri wake unali umenewu!" Ndinang'amba phesi lowola n'kuliyendetsa m'manja mwa aliyense, aone kamphutsi kamoyo. Kuyambira tsikulo komiti inasintha ntchito. Ankakokabe wobiriwira pamalo otungira madzi. Koma akapeza wodwala, ankamunyamula mosamala ngati khanda, kukamutula pakona ina kumene zipsera zinali zisanafike.

Mvula yoyamba inagwa. Lole inaliza hutala. Ine ndinali kupaka bwato phula. Yachiwiri inagwa. Miyendo inayabwa ndithu, sindinama. Tsiku lina ndinafika mpaka pamsewu. Ndinaima. Basi inaima. Kondakitala anatsegula chitseko. Ndinamufunsa nthawi, n'kubwerera. Miyendo ikayabwa choncho ndinkapita kuseri kwa tchalitchi kukawongola mtanda. M'matope mtanda sukhalitsa choongoka, choncho ntchito sinkasowa.

Dorika ankandipatsa chakudya, koma mawu ankandiyezera. Tsiku lina anapeza nsapato zanga pakhomo, chiswe chitayamba kuzimanga dothi.

"Izi ndikutayireni?"

"Zisiyeni."

"Zizidikira lole?"

"Zizidikira chiswe."

Anatembenuka msanga. Ndikhulupirira kuti anamwetulira, koma umboni ndilibe.

Maluwa apepo anayamba kusowa. Namasupuni amene ankafika m'chiuno anafika m'maondo, kenako m'akakolo. Chaka chachitatu dambo lonse linanunkha. Alendo ankatseka mphuno. A Fombe ankakoka mpweya ndi chifuwa chonse.

"Fungo la ntchito limeneli!"

Itatha mvula yachinayi, m'mawa wina Dorika anandiitanira kudooko. Pakati pa udzu wofiirira panali mzere wakuda, wopapatiza ngati kanjira ka mbuzi. Unkakhotakhota kulowera kuchitunda. Tinadikira mpaka masana kuti mphepo itembenuke. Inatembenuka. Udzu unasuntha, koma unali wothothoka, wopanda mphamvu. Njira sinatseke.

"Mafupa sitifukula," anatero Dorika. "Akuluakulu akana, inenso sindifuna. Koma dothi sanaletse. Bweretsani ndowa."

Anatapa yekha ndi manja, kumutu kwa mtumbira wa a Zuze, mpaka ndowa inafika theka. Tinakankhira bwato m'madzi. Linachita ngati likuzengereza, kenako linayandama. Dorika anakhala pakati, ndowa pamiyendo. A Fombe kutsogolo ndi nsungwi, akukankha zowola. Ine kumbuyo.

Kanali koyamba nkhafi yanga kukhudza madzi. Ndinamenya. Bwato linazungulira.

"Kuwapempha," anatero Dorika osacheuka.

Ndinawapempha. Tinayenda. Chitsa chija chinalipodi. Pa gumbwa ndinakhotera kumanzere.

Pachitunda panali thengo. Tinalambula ndi zikwakwa mpaka tinapeza chiliza chaching'ono cha simenti, dzina litafufutika theka. Kumanzere kwake kunali malo, okwana munthu wamtali. Palibe mtengo umene unamerapo. Dorika anagwada. Anakhuthula dothi pang'onopang'ono, nalisalaza ndi chikhatho.

"Amayi, ndi awa bambo. Sanachedwe dala."

Sanandiyang'ane ponena zimenezi. Zikanapepuka akanandiyang'ana.

Tinayamba ulendo wobwerera. Ndinatsuka ndowa m'madzi bwato likuyenda. Tsamba lina lofiirira linakakamira pa nkhafi, lodzaza zipsera. Ndinalichotsa n'kulibwezera pamadzi bwinobwino.

Tisanafike ndinaona anthu padooko. Amayi atatu, makasu paphewa, mbewu m'madengu, ofuna madimba awo akale a tsidya lija. Kumsewu lole ya mpunga inkaliza hutala. Mmodzi wa amayiwo anaika manja kukamwa.

"Bwatooo!"

A Fombe anacheuka n'kundiyang'ana kumapazi. Kunali matope okhaokha.

"Tikubwera!" ndinayankha, n'kumiza nkhafi.